Warren womanga mipanda ndi katemera wa ana ake

Warren Tulloch ndinadziwana naye tili ana, m'basi ya sukulu imene inkatitola m'mafamu a m'chigwa chathu. Ankakwera pa geti la bambo ake akununkha mkaka, chifukwa asanavale yunifomu ankayamba wathandiza kukama ng'ombe. Sanali mwana wolankhulalankhula. Aphunzitsi akamufunsa funso ankayang'ana kudenga mpaka iwo atatopa n'kufunsa wina. Mkaka utagwa mtengo bambo ake anagulitsa ng'ombe zonse, ndipo Warren anatsala ndi thirakitala yakale ndi makina okumbira maenje. Anayamba kumangira anthu mipanda ya waya, ndipo ntchito yake yakhala yomweyo moyo wake wonse. Ukaona mpanda wowongoka bwino pakati pa kwathu ndi tauni ya Lismore, palibe chifukwa chofunsira amene anamanga.

Kwathu kuno kuli ife a ng'ombe, ndiye kuli a kumapiri, aja anathawa Sydney ndi Melbourne m'ma 1970 n'kudzamanga nyumba za matope m'nkhalango. Ife tinkati iwo amanunkha chamba, iwo ankati ife timanunkha mankhwala ophera udzu. Koma ana athu ankakulira limodzi, ndiye maukwati sankalephera.

Sorrel anali mwana wa kumapiri. Warren anapita kukamanga mpanda pa dimba la mayi ake, a Glenys, poti akangaru, nyama zam'tchire zodumpha zija, ankatha ndiwo zawo. Atamaliza, Sorrel anauyang'ana mpandawo n'kunena kuti, "Wawongoka kwambiri. Ukuchititsa manyazi nyumba yathu."

"Ndikhoza kuupotoza," anatero Warren, "koma mulipira kawiri."

Sorrel ankauza anthu kuti anakwatiwa naye chifukwa chofuna kumva chimene adzanene ulendo wotsatira. Anabereka ana awiri, mnyamata Jarrah ndi mtsikana Marnie.

Ana amenewa sanabayidwe katemera, ndipo chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Sorrel ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anali ndi mlongo wake wakhanda, Rowan. Mwanayo anabayidwa katemera wa miyezi inayi Lachiwiri, ndipo Lachisanu m'mawa anamupeza atafa pogona pake. Amene anamupeza ndi Sorrel. Madokotala anati ndi imfa ija imatenga makanda ali m'tulo popanda chifukwa chodziwika, koma a Glenys sanakhulupirire, ndipo Sorrel anakula akudziwa kuti jakisoni anapha mlongo wake monga mmene mwana amadziwira dzina lake. Pamene Sorrel ankabereka ana ake panali fomu ya okana katemera. Unkapita kwa dokotala, iye n'kukufotokozera, nonse n'kusayina, ndipo boma linkapitiriza kukupatsa chithandizo cha ana ngati wina aliyense. Ine ndakhala ndikuyendetsa sukulu ya mkombaphala ya m'tauni yathu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mafomu otere ndinali nawo odzadza kabati.

Warren mwini wake anabayidwa kusukulu pamzere ngati tonsefe, ndipo galu wake sankaphonya katemera. Anzake akamuseka za zimenezo ankangoti, "Za ana mwini wake ndi Sorrel. Zanga ndi mipanda."

Sorrel anadwala khansa ya m'mawere Marnie akuyamwabe. Analimbana nayo chaka ndi theka. Sabata yomaliza, ali kunyumba, anamugwira Warren dzanja n'kumuuza kuti, "Usadzalole kuti awabaye. Undilonjeze." Warren analonjeza. Patapita zaka anandiuza kuti, "Bron, akanandiuza kuti ndidule dzanja langa ndikanalonjezanso." Tinamuika m'manda mu Seputembala 2015.

Miyezi itatu isanathe makalata a boma anayamba kufika. Warren anabwera ndi yake tsiku lina la Disembala, dzuwa likuswa mutu, pa nthawi yodzatenga Marnie. Anavula chipewa n'kuyala kalatayo patebulo langa.

"Bron, tandiuza m'chilankhulo cha anthu. Akuti chiyani?"

"Akuti fomu ya Sorrel yatha ntchito. Kuyambira Januwale, mwana wosabayidwa boma silimulipiriranso mbali yake kuno. Ndalama ija imabwera kumapeto kwa chaka nayonso akudula."

"Ndiye fomu ina ili kuti?"

"Palibe. Chatsala ndi kalata ya dokotala yonena kuti thupi la mwana silingalandire katemera. Basi."

"Ndikalipira ndekha?"

Ndinamuuza mtengo wa sabata imodzi popanda chithandizo cha boma. Anaseka pang'ono, kuseka kosasangalala.

"Ndiye kuti ndizimanga mipanda kuti mwana azidya mabisiketi ako."

"Mabisiketi anga ndi abwino, Warren."

"Si abwino choncho."

Anapita kwa dokotala amene ankathandiza Sorrel. Dokotalayo anamupima Marnie mpaka m'makutu, kenako anati, "Warren, mwanayu ndi wathanzi ngati thole. Ndikasayina ndiye kuti ndanama, ndipo iwe ukudziwa." Kumsika wa Lachisanu kunkamveka manong'onong'o a dokotala wina wakutali amene ankasayinira aliyense. Mayi wina wogulitsa buledi anamulembera nambala papepala. Warren anayenda nalo m'thumba masiku angapo kenako analitaya. "Ndinalonjeza kuti sadzabayidwa," anandiuza. "Sindinalonjeze kunama."

Mu Febuluwale anamuchotsa Marnie kusukulu kwanga. Chaka chimenecho ndinataya ana asanu ndi anayi. Olemera a kumapiri, aja ali ndi minda ya makademiya, analipira okha osamva kuwawa. Amene anachoka anali ana a amayi olera okha ana ndi a anthu a maganyu. Ine katemera ndimamukhulupirira, ndipo ndinaonapo khanda likutsokomola chifuwa chokoka mtima mpaka kuda milomo. Koma tsiku limene ndinachotsa dzina la Marnie pa kambedza kopachikira chikwama chake ndinakadzitsekera m'chipinda chochapira kwa kanthawi.

A Glenys anati adzamusunga mwanayo. Koma kwawo ndi kumapeto kwa msewu wa miyala, kuwoloka mtsinje kawiri, ndipo chiuno chawo chinali chitayamba kale kuvuta. Anakwanitsa masiku awiri pa sabata. Masiku enawo Jarrah akakwera basi ya sukulu, Marnie ankakwera galimoto ya bambo ake kupita kuntchito, ali ndi zaka zitatu, tinsapato ta mphira kumapazi, bokosi la masangweji pamiyendo. Warren ankamuyalira lona pansi pa mtengo n'kumuuza galu kuti asachoke pamenepo.

Nthawi imeneyo aliyense ankamufuna Warren kumbali yake. Ku bala anzake a ng'ombe ankamunyogodola.

"Amwene, tamva kuti mwasiya nyama ngati a kumapiri. Ndevu muyamba liti kuluka?"

"Ana ako ungowatengera kwa dokotala wa ziweto, aise. Ameneyo safunsa mafunso."

A kumapiri nawo anamusandutsa ngwazi yawo. Anaitanitsa msonkhano mu holo ya tauni wotsutsa lamulo latsopano la katemerali, ndipo anamukakamiza kuti alankhule, poti anali mwana wa mlimi wa ng'ombe osati wa iwo. Ine ndinalipo. Anthu analankhula za makampani a mankhwala ndi za ufulu kwa maola awiri. Atamuitana, Warren anaimirira, n'kuyang'ana kudenga.

"Ine za katemera sindizidziwa," anatero. "Mkazi wanga anandiuza, basi."

Anakhala pansi. Ena anaomba m'manja, koma mokayika.

Ngozi inachitika mu Epulo, mvula itangogwa. Warren ankazula mpanda wakale pa famu ina ya ng'ombe, cha m'ma teni koloko m'mawa. Marnie anaona chithaphwi pafupi ndi chomwera ng'ombe, anavula nsapato monga amachitira mwana aliyense, n'kuthamangiramo. M'matope ndi ndowe zija munali waya waminga wadzimbiri. Munga unalowa mkati mwa phazi. Warren anamva galu akuuwa asanamve kulira kwa mwana. Anamukulunga phazi ndi malaya ake n'kuyendetsa galimoto mphindi makumi anayi kukafika kuchipatala chachikulu.

Dokotala amene anawalandira anali mayi wachitsikana. Anatsuka bala, kenako anafunsa osadzutsa mutu, "Wa kafumbata anabayidwa liti komaliza?"

"Sanabayidwepo."

"Olo umodzi?"

"Olo umodzi."

Dokotalayo sanamudzudzule. Anakoka mpando n'kukhala. Anamuuza kuti bala lakuya lolowa dothi la m'khola ndi limene kafumbata amakonda, kuti pali jakisoni woteteza mwanayo pompano ndi wina woyambitsa katemera, ndi kuti iye sangabaye popanda chilolezo cha bambo. Anayamba kufotokoza mmene matendawo amagwirira, koma Warren anamudula.

"Ndikuwadziwa. Anapha hatchi ya bambo anga."

Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anaona hatchiyo itauma nsagwada, miyendo itawongoka ngati mitengo, ikunjenjemera munthu akangomenyetsa chitseko. Bambo ake anachita kuiwombera. Warren anapempha kuti atuluke kaye. Anaima m'khonde la chipatala, ndipo akuti sanapemphere kapena kulankhula ndi Sorrel monga anthu amaganizira. Anangowerenga matailosi a pansi mpaka kukhoma n'kubwerera. Analowa n'kusayina.

Madzulo a tsiku lomwelo anakwera phiri kukauza apongozi ake yekha, asanamve kwa ena. Anawapeza pakhonde akusenda nthochi zoyanika. Ana anawasiya m'galimoto.

"A Glenys, Marnie waponda waya. Ali bwino. Koma amubaya wa kafumbata. Ndasayina ndine."

A Glenys anaika mpeni pansi.

"Unalonjeza mwana wanga ali pabedi la imfa."

"Ndinalonjeza."

"Miyezi isanu ndi iwiri yokha, Warren."

"Ndikudziwa."

Iye ankayembekeza kuti amutukwana. Koma mayiwo analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachikwama, n'kukakwera galimoto pampando wakumbuyo pafupi ndi Marnie. Anakhala kunyumba kwa Warren masiku atatu. Sanamulankhule ngakhale liwu limodzi, ndipo tiyi amene ankawaikira ankazizira pomwepo. Ntchito yawo inali kuyang'ana mwanayo akupuma. Akagona ankakoka mpando pafupi ndi bedi, dzanja pamsana pake. Marnie ankadabwa kuti agogo akumutsatira mpaka kuchimbudzi. M'mawa wa tsiku lachinayi, mwanayo akukangana ndi Jarrah za chidole, a Glenys anatenga chikwama chawo n'kuimbira mnansi wawo kuti adzawatenge.

Anthu amaganiza kuti Warren anathamangira kukabayitsa katemera yense sabata yomweyo. Ayi. Panapita mwezi wathunthu. Ankati wa kafumbata unali wa ngozi, Sorrel akanamvetsa, koma enawo ndi nkhani ina. Marnie anapitiriza kupita naye kuntchito, koma tsopano Warren ankatembenuka kumuyang'ana akangokhoma msomali umodzi, moti ntchito ya masiku atatu inkatenga sabata. Tsiku lina anadzicheka chala ndi waya chifukwa chocheukacheuka. M'mawa mwake anapita ku kiliniki ya ana kwa a Kinsela, namwino amene wapima makanda a chigwa chino kuyambira tisanakwatiwe. Anapita yekha, mafunso atawalemba pa kathabwa kotsala pa geti chifukwa pepala analibe.

A Kinsela ndi mnzanga, ndipo onse awiri anandifotokozera za tsikulo mofanana. Anayankha mafunso ake limodzilimodzi, za malungo a pambuyo pa jakisoni, za zimene zili m'botolo, za chifukwa chake majakisoni achuluka kuposa a nthawi yathu. Funso lomaliza silinalembedwe pa thabwa.

"Rowan anafa ndi katemera?"

"Sindinalipo, Warren. Ndingokuuza chimene ndikudziwa. Imfa ija ya m'tulo imakonda makanda a miyezi iwiri mpaka inayi. Imeneyonso ndi miyezi imene timabaya. Ndiye pa ana ambirimbiri, ena zimawagwera sabata yomweyo. Anthu awerenga ana osawerengeka, ndipo obayidwa safa kuposa osabayidwa. Koma mawu amenewa ndinawauzapo a Glenys zaka zapitazo, ndipo ndinaona kuti sindinayenere kutero. Mayi amene waika mwana m'manda safuna masamu."

"Sorrel akanakhala pano akanati chiyani?"

"Akanandikalipira. Tinkakalipirana chaka ndi chaka, kenako n'kundisiyira botolo la uchi." A Kinsela anamuyang'ana. "Sindikunamiza kuti akanavomera. Sakanavomera. Ndipo lamuloli nanenso silindisangalatsa kwenikweni. Mzere wanga watalika, zoona, ndipo ana ambiri atetezeka. Koma ine ndinkafuna ubwere ndi miyendo yako, osati atakugwira pakhosi."

"Ndabwera ndi miyendo yanga," anatero Warren. "Pakhosi andigwira kale kuyambira Januwale, ndipo sindinabwere."

A Kinsela anamulembera ndondomeko ya majakisoni onse amene anawo anaphonya, ya miyezi ingapo. Marnie sanavute, bola apatsidwe switi. Chovuta chinali Jarrah. Iye anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo mawu a mayi ake ankawakumbuka. Anakakamira chitseko cha galimoto panja pa kiliniki.

"Amayi anati ayi."

Warren anagwada pa miyala. "Anaterodi."

"Ndiye bwanji?"

"Amayi ako ankaopa chinthu china, chifukwa ankakukonda. Ine ndikuopa chinthu china. Tsopano amene watsala kuti asankhe ndine. Ngati n'kulakwa, wolakwa ndine, iwe ayi."

Mwanayo analowa, koma sanalire ndipo switi anaikana. Sanalankhule ndi bambo ake mpaka tsiku lotsatira.

Marnie anabwerera kwa ine mu Juni, akutsimphina pang'ono, n'kuyamba kulamulira anzake ngati sanachokepo. Chithandizo cha boma chinayambiranso. Koma nkhani inali itafika kale kumapiri. Mabanja atatu analanda Warren ntchito imene anamupatsa. Mayi wa buledi uja anayamba kumutembenukira msana kumsika. Wina analemba ndi chala pa fumbi la galimoto yake kuti WAGULIDWA, ndipo Warren anayenda nalo liwulo mpaka mvula inalichotsa. Anzake a ku bala anafuna kumugulira mowa womuyamikira kuti nzeru zabwerera. Anaukana.

"Mukundigulira chifukwa ndanamiza mkazi wanga?"

Kuyambira pamenepo palibe amene anayambitsanso nkhaniyo pamaso pake.

A Glenys sanabwere pa Khirisimasi ya chaka chimenecho kapena yotsatira. Koma Lamlungu lililonse Warren ankakweza ana kupita nawo kwa agogo awo. Ana ankalowa m'nyumba, iye ankatsala panja. Poti sangakhale manja ali lende, ankakonza chimene wapeza. Anamata thanki ya madzi, anasintha malata a khonde, anawaza nkhuni za nyengo yozizira yonse. Pochoka ankapeza mbale yovindikira pa bonati ya galimoto, nthawi zina keke ya nthochi, nthawi zina mphodza. Ankadya n'kusiya mbaleyo pa sitepe. Zinayenda choncho zaka ziwiri.

Kenako a Glenys anagwa pa mtsinje n'kuthyoka chiuno. Achipatala anati sangabwererenso kuphiri okha, ndipo anayamba kukamba za nyumba ya okalamba. Warren anapita kukawaona, chipewa m'manja.

"Chipinda chakumbuyo chilibe munthu," anatero. "Masitepe ndachotsa kale, ndaika thabwa lotsetsereka."

"Sindinakukhululukire, Warren."

"Sindinabwerere zimenezo."

"Nyama sindidya."

"Ndikudziwa. Ana atopa kale ndi soseji zanga."

Anakhala m'chipinda chimenecho zaka zisanu mpaka anamwalira. Ankalankhulana za mvula, za homuweki ya ana, za nkhuku. Za katemera sanakambiranepo ngakhale kamodzi. Tsiku la jakisoni wa kusukulu likafika, Warren ankasayina fomu m'galimoto osalowa nayo m'nyumba, koma a Glenys ankadziwa ndithu, chifukwa sabata imeneyo ankagwiragwira ana pamphumi.

Ine ndinayesapo kamodzi kumutonthoza. Ndinamuuza kuti Sorrel akanaona phazi lija akanasayina yekha. Anapukusa mutu.

"Usamuike mawu m'kamwa, Bron. Sangadziyankhire. Anandipempha chinthu chimodzi, ine sindinachichite. Tsiku lija likanabweranso ndikanasayinanso, koma zimenezo sizisintha kuti sindinachichite."

Lamulo lija nalo sanalikhululukire. Mtsikana wina wa ku yunivesite anabwera kudzafunsa makolo za mmene lamuloli linawakhudzira, ndipo ine ndinamutumiza kwa Warren. Anabwerako atasokonezeka, osadziwa kuti amulembe mbali iti. Akuti atamufunsa ngati lamulo ndi limene linapulumutsa ana ake, iye anayankha kuti, "Lamulo ndi limene linaika mwana wanga m'khola la ng'ombe. Katemera ndi wabwino, ndavomera. Koma amene analemba lija sanafunse kuti mwana akachotsedwa kusukulu apita kuti." Atamufunsa ngati akufuna kuti lichotsedwe, ananena kuti sakudziwa, chifukwa akudziwanso mabanja amene ankangozengereza popanda chifukwa, ndipo kalata ija ndi imene inawadzutsa.

Pano mawondo amuvuta, ndipo ntchito za m'mapiri otsetsereka anasiya. Jarrah akuphunzira kukonza mainjini a dizilo m'tauni ya Casino ndipo amabwera kumapeto kwa sabata ndi zovala zakuda m'thumba. Marnie ali ku sekondale, amasewera mpira wamanja ndipo amakangana ndi woyimbira. Warren sanakwatirenso, ngakhale kuti mayi wina wa ku positi wayesetsa mokwanira.

Mwezi watha anabwera kudzakonza geti la sukulu yanga, limene ana anapeza njira yolitsegulira. Mayi wina wachitsikana, wobwera kumene m'chigwa, anali muofesi mwanga akulira chifukwa cha mafomu omwewa. Mwamuna wake ankafuna mwana abayidwe, iye ankaopa. Potuluka anamupeza Warren atatsekereza njira ndi zida zake, ndipo sindikudziwa kuti nkhani inayamba bwanji. Ndinangowaona pa zenera atakhala pa mpanda wa njerwa, mayiyo akulankhula, iye akumvetsera. Anakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Atapita ndinamufunsa kuti wamuuza chiyani.

"Palibe. Amafuna womumvera basi." Anatola sipanala. "Ana akowa ndi akuba, Bron. Loko uyu ndimuika pamwamba."